Defender, antivairasi yaulere kapena yogula: zimene ndinapeza atandibera Facebook

Laputopu ya kunyumba kwathu ku Chilenje ndi ya anthu asanu. Ine ndimalemberapo makalata a ntchito, mkazi wanga amasungapo mabuku a geni yake ya zitenje, ana awiri amaoneramo mpira, ndipo mphwanga wa ku koleji amaitenga Loweruka n'kuibweza Lolemba ili ndi mapulogalamu amene palibe anawapempha. Tsiku lina m'mamawa azakhali a ku Chipata anandiimbira foni. "Mwanawe, ndalama ija yafika? Uli bwanji m'chipatalamo?" Ine ndinali pakhonde ndikumwa tiyi. Munthu wina anali atalowa mu Facebook yanga usiku, n'kulembera abale kuti ndagonekedwa, atumize thandizo pa nambala ina. Azakhali anatumiza. Pa kompyutapo panali maantivairasi awiri, onse akuonetsa chizindikiro chobiriwira kuti zinthu zili bwino.

Kuyambira pamenepo ndayesa njira zingapo, pa laputopu yathu ndi pa za abale, ndipo ndikufuna kuziika pambali ndi pambali. Koma choyamba timudziwe kawalala amene tikulimbana naye, chifukwa ambiri tikuganizabe za vairasi yakale ija yobisa mafayilo pa fulashi. Ya masiku ano imene ndikunena pano siphwanya kanthu. Imalowa mwakachetechete, m'mphindi zochepa n'kutenga mapasiwedi onse amene munasunga mu Chrome kapena Edge, ma cookies amene amachititsa kuti Facebook ndi Gmail zisakufunseninso pasiwedi, ndi mafayilo a pa desktop. Ikatumiza zonsezi kwa mwini wake, ntchito yatha. Mayina odziwika a mtundu umenewu ndi RedLine ndi Lumma. Mu May 2025 Microsoft inalengeza kuti m'miyezi iwiri yokha inapeza makompyuta a Windows oposa 394,000 ali ndi Lumma padziko lonse. Limodzi mwa makomo ake aakulu ndi mapulogalamu othyola: Office ya crack, KMSpico yotsegulira Windows, masewera aulere a pa linki ya pansi pa kanema wa YouTube.

Tsopano tsegulani foda yanu ya Downloads muone zili m'menemo. Mwa ine munali chithunzi cha NRC (chiphaso cha nzika ya Zambia) kutsogolo ndi kumbuyo, kalata ya TPIN (nambala ya msonkho) ya ku ZRA, pepala la malipiro, chithunzi cha pasipoti ndi satifiketi ya giredi 12. Zonse zimene munthu amafunsidwa akafuna ngongole kapena simu khadi yatsopano ndinali nditamuunjikira kawalala pamalo amodzi.

Microsoft Defender ndi imene ili kale mu Windows 10 ndi 11. Simulipira, simuika chilichonse, ndipo sikuvutitsani ndi malonda. Kale inali yoseketsa, n'chifukwa chake anyamata okonza makompyuta m'tauni amaiderera mpaka lero, koma m'mayeso a bungwe la AV-TEST la ku Germany yakhala ikupeza mamalikesi ofanana ndi a maantivairasi ogula. Zofooka zake ndi ziwiri ndipo zonse zimatikhudza ife a muno. Imadalira kwambiri intaneti ndi maapudeti, pomwe ife timaimitsa maapudeti kuopa kuti bandulo itha. Chachiwiri, wokuikirani Office ya crack amayamba ndi kuizimitsa, kapena amaiuza kuti foda yakutiyakuti isayang'anemo, kuti crack yakeyo isagwidwe. Yanga inali choncho kuyambira tsiku limene ndinaigula pa shopu ina m'tauni. Lowani mu Windows Security, pitani pa Virus & threat protection, muone pa Exclusions. Mukapezapo foda imene simunaikepo nokha, mlonda wanu anamangidwa maso kalekale.

Zaulere zodziwika ndi Avast, AVG ndi Avira. Kugwira zimagwira bwino, sindingaziname. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zitatuzi pamodzi ndi Norton ndi za kampani imodzi, Gen Digital, ndiye kukangana kuti Avast iposa AVG kuli ngati kukangana za nsima ya m'poto mmodzi. Chimene chinandichotsa kwa izi ndi phokoso: tsiku lililonse kawindo kofiira kuti kompyuta yanu ili pangozi, dinani apa, ndipo mukadina akufuna khadi ya ku banki. Ana anazolowera kudina chilichonse kuti kawindoko kachoke, chizolowezi choopsa kuposa vairasi. Palinso nkhani ya 2024, pamene bungwe la FTC la ku America linalipiritsa Avast madola 16.5 miliyoni chifukwa chogulitsa mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula, kudzera mu kampani yake ya Jumpshot imene inatsekedwa mu 2020. Munthu ukufuna kubisa za iwe, ndiye mlonda n'kumalemba kumene ukupita.

Smadav ndiitchule payokha chifukwa ili pafupifupi mu cafe iliyonse ndi malo osindikizira mapepala. Ndi ya ku Indonesia, yopepuka, ndipo pa vairasi ya shortcut ya pa fulashi imachita bwino. Eni ake amanena okha kuti ndi chitetezo chowonjezera. Ngati mumayenda ndi fulashi ku sukulu ndi ku cafe, ikhoza kukhala pambali pa Defender. Yokha ayi.

Zogula, monga Kaspersky, ESET, Bitdefender ndi Norton, ndi zabwino, ndipo amene ali ndi ndalama sindingamuletse. Koma dziwani chimene mukugula. Si kugwira mavairasi kwenikweni, poti pamenepo kusiyana kwake ndi Defender ndi kochepa. Mukugula zowonjezera: windo lapadera lotsegulira banki, choletsa ana kulowa masamba ena, chochenjeza pulogalamu ikayatsa kamera mobisa. Kwa mkazi wanga amene amalipira katundu wa kunja pa intaneti, windo la banki lija lili ndi phindu. Vuto ndi lakuti laisensi ndi ya chaka chimodzi, mtengo wake umatsata dola, ndipo ndaona malaputopu ambiri a abale ali ndi antivairasi yogula imene inatha zaka ziwiri zapitazo, yangotsala chikwangwani. Makiyi a laisensi otchipa a m'magulu a WhatsApp asiyeni. Za Kaspersky mumva kuti inaletsedwa. Ndi boma la America limene linailetsa mu 2024 chifukwa ndi kampani ya ku Russia, ndipo lamulolo ndi la kwawoko.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musalipire: phukusi lotchedwa identity protection, la mtundu wa LifeLock. Linapangidwira anthu a ku America, limayang'anira nambala yawo ya Social Security ndi mabungwe awo a ngongole. Munthu akatenga NRC yanu n'kukalembetsa simu ku Matero, phukusilo silimva kanthu.

Malwarebytes yaulere siima pakhomo ngati mlonda, imangofufuza mukaituma. Ndi imene inapeza zimene maantivairasi anga awiri aja anaphonya. Ndimaiyendetsa kamodzi pamwezi, komanso Lolemba lililonse laputopu ikabwera kwa mphwanga. Koma kuika maantivairasi akuluakulu awiri onse oyang'anira nthawi imodzi, monga ndinachitira ine, ndi kumene akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Amalimbana okhaokha, kompyuta imayenda ngati kamba, ndipo mapeto ake mumazimitsa onse.

Mukandifunsa kuti nanga nditenge iti, yankho langa ndi Defender yoyatsidwa bwino, ndi Malwarebytes ya apo ndi apo. Koma kunena zoona, funso la antivairasi ndi laling'ono pa onse. Lalikulu ndi Windows imene ili pansi pake. Windows 7 inasiya kulandira maapudeti a chitetezo mu January 2020, ndipo Windows 10 inafika pa mapeto ake pa 14 October 2025. Malaputopu ambiri akale amene timagula m'tauni sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Antivairasi yodula pa Windows 7 ya crack ili ngati loko watsopano pa chitseko cha makatoni. Kwa makina otere ndinayesa Linux Mint, imene imalowa m'malo mwa Windows, pa laputopu yakale ya alamu anga. Ndi yaulere, imalandira maapudeti, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice, ndipo mavairasi opangidwira Windows sayendamo. Kwa munthu wa Facebook, YouTube ndi makalata ndi yokwanira. Kwa amene ntchito yake imafuna pulogalamu ya Windows yokha, kapena purinta yachilendo, idzamukwiyitsa sabata yoyamba. LibreOffice imapezekanso pa Windows, ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Nthawi zina imasokoneza kayalidwe ka tsamba, koma siba pasiwedi ya munthu.

Pa mapasiwedi pali njira zitatu ndipo apa ndi pamene ndinasintha maganizo kwambiri. Kusunga mu Chrome ndi kophweka, koma ndi malo oyamba amene Lumma ndi anzake amafikapo, ndipo pa laputopu ya banja aliyense wokhala pampando walowa kale m'maakaunti anu. Njira yachiwiri ndi pulogalamu yosungira mapasiwedi. Bitwarden ndi yaulere ndipo imayenda pa foni ndi pa kompyuta. KeePass imasunga zonse mu fayilo imodzi yotseka pa kompyuta yanu, popanda intaneti, chimene chimathandiza malaiti akapita ndi netiweki yomwe, koma fayiloyo ikatayika mwataya zonse. Nawonso mapulogalamuwa si angelo: mu 2022 akuba anatenga nkhokwe za makasitomala a LastPass, ndipo amene pasiwedi yawo yaikulu inali yofooka anali pangozi. Njira yachitatu ndi kope ndi bolopeni. Anthu amaseka, koma kwa amayi anga ndinasankha imeneyi. Kawalala wa ku dziko lina sangatsegule sutikesi ya pansi pa bedi ku Kabwata. Chachikulu ndi chakuti akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, makamaka imelo, chifukwa wotenga imelo amasintha mapasiwedi ena onse ali khale.

Chitseko chachiwiri, chija amati two-step, chiyatseni pa Gmail, Facebook ndi WhatsApp. Khodi yobwera pa SMS ndi yabwino kuposa kukhala opanda, koma imadalira simu khadi, ndipo simu imabedwa pamodzi ndi foni pa siteshoni ya mabasi, kapena munthu amakaitulutsanso ndi NRC yanu ija. Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator imapanga khodi pafoni pomwepo popanda netiweki, ndiye kusinthidwa kwa simu sikuikhudza. Lembani makhodi osungira amene amakupatsani poyamba, muwaike mu kope lija, apo ayi foni ikatayika mudzadzitsekera kunja nokha. Ndiyenera kunena kuti vairasi yoba ma cookies ikhoza kulumpha ngakhale chitseko chachiwirichi, chifukwa imalowa ngati inu amene munalowa kale. Ndiye mukabedwa, kusintha pasiwedi pakokha sikukwana. Gwiritsani foni kapena kompyuta ina yoyera, yambani ndi imelo, ndipo pa akaunti iliyonse sankhani kutulutsa zipangizo zonse zimene zinalowa. Laputopu yodwalayo ifomatidwe, osangoisikana. Kenako dziwitsani banki ndi kampani ya foni yanu, kaya Airtel, MTN kapena Zamtel, nenani nambala ya wachinyengoyo ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndipo mukatenge lipoti la polisi, poti tsiku lina kukabwera ngongole ya dzina lanu pepala limenelo ndi limene lidzakuyankhulireni.

Za NRC palibe pulogalamu imene ingakuthandizeni. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limauza makampani kusamala zimene amatenga kwa ife, koma silifika mu foda yanu ya Downloads kapena pa kompyuta ya mu cafe imene munasikanirapo dzulo. Ine ndinasamutsira zikalata zonse pa fulashi imodzi yokhala mu sutikesi. Ndikasikana ku cafe ndimaima pomwepo mpaka fayiloyo afufute ndi mu Recycle Bin momwe. Fotokope iliyonse ndimailemba chopingasa ndi bolopeni kuti ndi ya ntchito yanji ndi tsiku lake. Ena amandiyang'ana ngati ndapenga, koma amalandira.

Chomaliza chimene ndinachita sichinatenge ngwee. Ndinapanga maakaunti awiri pa laputopu: ya administrator imene pasiwedi yake ndimaidziwa ine ndi mkazi wanga, ndi wamba ya ana ndi mphwanga, imene singaike mapulogalamu ambiri popanda kupempha. Loweruka lapitali mphwanga anandiimbira ali ku hostelo. "Achimwene, kompyutayi ikufuna pasiwedi, ndimafuna kuika kagemu kampira." Ndinamufunsa kumene wakatenga kagemuko. Anati kwa mnzake, pa fulashi. Ndinamuuza kuti abwere nayo Lolemba tione limodzi, ndipo mpaka lero fulashiyo sinafike.