Microsoft Detours 4.0.1: chida chodalirika, bola hook yanu ikhale static

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Detours ndi laibulale yokolera ma function mu pulogalamu ya Windows, kuti akaitanidwa payambe kuyenda function yanu, imene imatchedwa hook. Ndaigwiritsa ntchito pofufuza pulogalamu yakale ya Windows imene source code yake inasowa kalekale. Ndinkafuna kudziwa mafayilo amene imatsegula, ndi chifukwa chake ena amakana kutseguka. Pa ntchito imeneyi yandikhutiritsa kwambiri. Inachokera ku Microsoft Research, komwe Galen Hunt ndi Doug Brubacher anaifotokoza mu 1999. Kwa zaka zambiri mtundu wa 64-bit unali wogula, koma mu 2018 anaiika pa GitHub ndi laisensi ya MIT, ndiye lero aliyense atha kuitenga.

Kagwiridwe kake nkomveka. Pa ma byte oyambirira a function imene mukufuna kuikola, tinene CreateFileW, function ya Windows yotsegula mafayilo, imalembapo jmp yolumphira ku function yanu. Pa x86 jmp imeneyi imadya ma byte 5. Malamulo amene analipo poyamba imawasamutsira pamalo otchedwa trampoline, ndipo kumapeto kwake imaikako jmp ina yobwerera ku function yeniyeni. Zonsezi zimachitika mu memory mokha, fayilo ya DLL ya pa disk siikhudzidwa. Ndinaziona ndekha mu debugger: transaction yoika hook itangotha, byte yoyamba inasanduka E9, imene ndi nambala ya jmp, ndipo pointer yanga, imene poyamba inkaloza CreateFileW, inali itayamba kuloza trampoline.

Mfundo ya pointer imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse. DetourAttach siilandira function yeniyeniyo, imalandira adiresi ya pointer yanu, kuti ilembemo adiresi yatsopano. Choncho pointer imeneyo iyenera kukhalapo nthawi yonse imene hook ikugwira ntchito. Ikakhala variable ya mkati mwa function, imatha function ikabwerera. Ikakhala member wamba wa object, imapita limodzi ndi object yake. Zitsanzo za Detours zimangoiika poyera pamwamba pa fayilo, ndipo zimagwira. Koma ine ma hook anga anachuluka, ndinafuna kuwasonkhanitsa mu class imodzi kuti code isamwazike, ndipo apa mpamene munthu wolemba C++ ayenera kutsegula maso.

Member function wamba amanyamula argument yobisika, this, pointer yoloza object yake. Pa 32-bit, compiler ya Microsoft imaiika mu register ya ECX. Pa 64-bit imalowa mu RCX ngati argument yoyamba, ndipo ma argument enawo amasunthira kutsogolo. Pulogalamu imene ikuitana CreateFileW siidziwa kuti kuli object yanu. Imangoika ma argument 7 ake pamalo pake n'kulumpha. Mukakakamiza compiler ndi cast kuti ilandire member function wamba, pa 64-bit dzina la fayilo lidzawerengedwa ngati this, ndipo ma argument otsalawo adzasokonekera onse. Komanso pointer ya member function si adiresi wamba. Class ikakhala ndi makolo angapo, pointer imeneyo imatha kukula kuposa pointer wamba. Compiler ikakana, imakhala ikunena zoona. Musalimbane nayo.

Njira yake ndi static, mbali zonse ziwiri. Function ya hook ikhale static member, chifukwa yotero ilibe this ndipo adiresi yake imalowa mu function pointer wamba popanda vuto. Pointer yosunga function yeniyeni ikhalenso static, poti static function singafikire member wamba popanda object. Mukatero class yanu imasanduka ngati bokosi losungiramo zida zokhudzana, ndipo private imagwirabe ntchito yake yoletsa code ina kusewera ndi pointer ija. Ine ndakhutira nawo makonzedwe amenewa.

Pali tinthu tiwiri tomwe timadya nthawi. Koyamba, kulemba static pointer mkati mwa class nkungolengeza chabe. Iyenera kulembedwanso kamodzi kunja kwa class, mu fayilo ya cpp, apo ayi linker ikupatsani LNK2001, unresolved external symbol. Ngati muli pa C++17, lembani inline static, nkhani yatha. Kachiwiri nkoopsa kuposa apo: WINAPI. Pa 32-bit mawu amenewa amatanthauza __stdcall, kutanthauza kuti woitanidwa ndiye amayeretsa stack, pomwe static member wopanda chizindikiro amakhala __cdecl, mmene woitana ndiye amayeretsa. Zikasiyana, stack imapotoka, ndipo pulogalamu imagwa patsogolo, pamalo osakhudzana n'komwe ndi hook. Pa 64-bit kaitanidwe ndi kamodzi, ndiye cholakwikacho chimabisala mpaka tsiku limene mudzamange ya 32-bit. Popeza DetourAttach imalandira PVOID, pointer yopanda mtundu, siingakuchenjezeni. Chimene ndimachita ine ndi kutenga mtundu wa pointer ndi decltype(&CreateFileW), kenako kuika hook yanga mu variable ya mtundu womwewo ndisanaipereke, kuti compiler ifananize yokha.

Zonse zikakhala static, ndiye kuti zimene hook ikusunga nzogawana pakati pa ma thread onse a pulogalamu. Mndandanda wa mafayilo umafuna loko. Ndipo ngati hook ya CreateFileW ikulemba log, kutsegula fayilo ya log kudzaitananso CreateFileW, kubwerera mu hook, mpaka stack itadzadza. Tsegulani log kudzera mu pointer ya trampoline, kapena ikani chizindikiro cha thread_local chosonyeza kuti muli kale mkati. Musaiwalenso GetLastError: isungeni function yeniyeni ikangobwerera, muibwezeretse ndi SetLastError musanatuluke, chifukwa pulogalamuyo idzaiwerenga kuti idziwe chimene chalephereka. Izi Detours siikuchitirani, ndipo sindikuona kuti ndi udindo wake.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha ma thread. Kaikidwe ka hook nkabwino: DetourTransactionBegin, DetourUpdateThread, DetourAttach kangapo monga mufunira, kenako DetourTransactionCommit, ndipo imodzi ikalephera zonse zimalekeka. Zimenezo ndimazikonda. Koma DetourUpdateThread imasamala thread imene mwaitchula yokha. Mukalowa mu pulogalamu imene ikuyenda kale ndi ma thread ambiri, kuwapeza onse ndi ntchito yanu. MinHook, laibulale ina yaulere ya ntchito yomweyi, imawaimitsa yokha isanasinthe ma byte. Ine ndinazemba vutoli poyambitsa pulogalamu ndi DetourCreateProcessWithDllEx, kuti DLL yanga ilowe code ya pulogalamuyo isanayambe. Pamenepo kumbukirani kuti DLL yanu iyenera kukhala ndi export pa ordinal 1, ndiponso kuti DllMain, function imene Windows imaitana DLL ikamalowa, imayenda loader lock (loko ya Windows yolowetsera ma DLL) itagwidwa, ndiye muikemo ma hook okha, zolemera zidikire.

Foda ya zitsanzo ndi chuma. Yambani ndi simple ndi withdll. Ilipo ina yotchedwa member, yosonyeza kukola member function ya class; ndi nkhani yosiyana ndi yathuyi, ndipo ma cast ake si oyambira kuphunzirira. Kumanga laibulale ndi nmake mu Developer Command Prompt kunayenda bwino, kamodzi pa x86, kamodzi pa x64.

Dziwaninso malire ake. Imagwira mu user mode mokha, mu process imene mwalowamo. Pulogalamu ikadumpha CreateFileW n'kuitana NtCreateFile ya mu ntdll mwachindunji, hook yanu siidzamva kalikonse. Function ikakhala yaifupi kwambiri moti jmp singakwanemo, mudzalandira ERROR_INVALID_BLOCK. Ngati mukungofuna kuona mafayilo amene akutsegulidwa osasintha kanthu, chida cha Microsoft chotchedwa Process Monitor chikukwanirani, musavutike ndi DLL. Koma ngati mukufuna kusintha argument, kupatutsa fayilo kupita kwina, kapena kunamizira kulephera poyesa pulogalamu yanu, tengani Detours, ndipo muyese ma hook anu pa 32-bit ndi pa 64-bit pomwe.