Kabichi wa Cotán kapena dengu la Caravaggio: tiyambire pati?

Anzanga amene mwangoyamba kugwira burashi, mwakhala mukufunsa chithunzi cha zipatso choti muphunzirirepo. Ine ndayesa ziwiri, zonse zojambulidwa cha m'ma 1600, ndipo china chidandiliza.

Cha Caravaggio, wojambula wa ku Italy, chimene chili ku nyumba yosungira mabuku ndi zithunzi ya Ambrosiana mumzinda wa Milan, ndi dengu lodzaza mphesa, nkhuyu, apozi ndi zipatso zina, litakhala m'mphepete mwenimweni mwa thabwa moti umafuna kulikankhira mkati. Ubwino wake n'ngwakuti mkuluyu sadabise kanthu. Apozi ali ndi kabowo ka mphutsi, masamba ena afota, ena adyedwa ndi tizilombo. N'zipatso zija mayi wa pamsika amatsitsa mtengo dzuwa likapendeka. Anthu a ku Italy adachikonda mpaka kuchiika pa ndalama yawo yapepala ya 100,000 lire.

Koma kuchikopera ndi nkhani ina. Ndidatha masabata atatu pa maluko a dengu okha, mapeto ake lidatuluka ngati chipewa chonyowa. Kumbuyo kwake n'koyera motuwira kuchikasu, choncho tsamba lililonse ukalipotoza limaonekera poyera. Mphesa nazo, iliyonse imafuna kadontho kake ka kuwala.

Juan Sánchez Cotán wa ku Toledo adajambula zinthu zisanu basi: chipatso chachikasu chotchedwa quince, kabichi, vwende lodula, kachidutswa ka vwendelo, ndi nkhaka. Quince ndi kabichi akulendewera pa zingwe, monga ankasungira zakudya ku Spain kuti zisaole msanga, zinazo zili pa mwala wa zenera. Zonse zatsetsereka mokhota kuchokera kumwamba kumanzere mpaka pa nkhaka yomwe yasuzumira kunja kumanja. Kumbuyo kuli bii, mdima wokhawokha. Chithunzichi chili ku San Diego Museum of Art. Wojambulayo adakakhala mmonke ku Granada atangochijambula kumene, ndipo ukachiyang'ana nthawi yaitali sudabwa nazo.

Mdima umenewo ndiwo mphunzitsi. Ukalakwitsa m'mphepete, umangopakanso penti wakuda n'kuyambiranso. Maso ako amatsala ndi ntchito imodzi, kuona pomwe kuwala kwagunda ndi pomwe mthunzi wayambira. Musati n'chophweka ayi: mitsempha ya masamba a kabichi uja idanditengera madzulo anayi. Koma pamenepo umavutika ndi chinthu chimodzi, osati makumi atatu nthawi imodzi.

Choti mupachike pabalaza, ndingasankhe dengu, alendo amalimvetsa asanakhale n'komwe pansi. Chophunzirira, yambani ndi Cotán. Ndipo musakopere pa foni pokha, chifukwa kagalasi kake kamameza mithunzi. Pezani katoni, ipakeni yakuda mkati, mangani kabichi pa chingwe, ikani nkhaka m'mphepete, kuwala kuzilowera mbali imodzi. Kabichi wanga adayamba kufota tsiku lachitatu, ndiye jambulani iyeyo poyamba, nkhaka imadikira.