Kamakina koyezera shuga ka Accu-Chek Active, nditakagwiritsa ntchito miyezi 8

Anthu akamva kuti ndinkaopa kudzibaya chala amaseka mpaka misozi, chifukwa ineyo ndine telala, ndakhala pa makina osokera pakhonde la shopu kuno ku Ndirande zaka zoposa 20, singano zandilasa kangati kaya, tsiku lina ya makina inalowa pachikhadabo penipeni ine kungomanga kansanza nkupitiliza kusoka mayunifomu a ana asukulu. Koma kulasidwa mwangozi ndi kwina, kukhala pansi wekha uli maso nkumati tsopano ndikudzibaya, abale ndi nkhani ina imeneyo.

Shuga anandipeza naye kuchipatala cha Queens chaka chatha. Ludzu losatha, usiku kudzuka kanayi kasanu kukataya madzi, masiketi onse kukhwepa m'chiuno, kenako ulusi unayamba kundikanika kulowetsa pa singano, maso ngati muli utsi. Anati ndi shuga wa mtundu wachiwiri, anandiyambitsa mapiritsi a metformin kenako nkuwonjezera a glibenclamide. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Limbe ndi amene anagula kamakinaka pa famase ina m'tauni, anabwera nako atakakulunga bwinobwino ngati mphatso ya pa chinkhoswe. Ine ndinathokoza, atangotuluka ndinakaponya m'dirowa momwe mumakhala mazipi ndi mabatani, ndipo kanagona mmenemo miyezi 3 yathunthu. Akaimba foni, amayi mwayeza? Ine eee mwanawe ndayeza zili bwino. Bodza lokhalokha.

M'bokosimo mumakhala kamakinako, kocheperapo kuposa foni ya mabatani, ndiye kacholembera kobayira kamene amakatcha Softclix, timasingano take, masitiripi (timizere todonthezerapo magazi) ochepa oyambira ndi kachikwama kakuda ka zipi. Batire lake ndi lija lophwatalala ngati kobiri, CR2032, limapezeka ngakhale kwa okonza mawotchi, langa silinathe mpaka lero. Ukalowetsa sitiripi kamayaka kokha, pasikirini pamabwera kadontho kothwanima, ndiye umadonthezera magazi pa kabwalo kobiriwira pakati pa sitiripiyo, masekondi 5 nambala yatuluka. Magazi ake si ambiri ayi, kadontho kochepa kuposa mutu wa phini. Manambala ndi akuluakulu moti ndimawerenga opanda magalasi, magetsi akathima ndimangounikira ndi tochi ya foni basi. Kamasunganso zotsatira mpaka 500 ndi tsiku lake ndi nthawi yake, bola ukakonze deti poyamba, ine ndinaiwala ndiye zoyamba zonse zili pa tsiku lolakwika.

Amene anandithyola mantha ndi kasitomala wanga wina, mayi wachikulire amene anali nesi koma anapuma. Anabwera kudzatenga diresi lawo la Mvano, ndikufufuza zipi m'dirowa anaona bokosi lija lisanatsegulidwe nkomwe. Sanandikalipire. Anangokoka benchi, akuti mayi bweretsani madzi ofunda ndi sopo tiyambe. Ndinasamba m'manja, kupukuta mpaka kuuma gwa, kenako anandiuza ndigwetse mkono pansi ndiugwedeze pang'ono kuti magazi atsikire ku zala. Kacholembera kaja kali ndi manambala ozungulira kumutu kwake, kuyambira 0.5 mpaka 5.5, ndi kuya kwake kwa singano kumeneko, nambala yaing'ono imabaya pamwamba yaikulu imalowa mkati. Anaika pa 2, anati musabaye pakati pa chala pomwe mumagwirira zinthu, pamenepo mpomwe pamamva kwambiri, bayani m'mbali pafupi ndi chikhadabo koma osati pachikhadabo penipeni. Ndinatsinzina, mano ndaluma, mtima uli phaphapha, ndinangomva kuti tha! Ndikutsegula maso ndikufunsa kuti mwabaya kale? Iwo akuseka. Linthumbu limaluma kuposa pamenepo, ndikunena zoona. Chimene chimathandiza kwambiri nchoti singanoyo suiona, imabisala mkati, imatuluka nkubwerera usanaganize nkomwe.

Kungoti pa 2 magazi sanatuluke, zala za telala zili ngati chikopa cha ng'oma, tinakweza pa 3 ndipo mpaka pano ndili pa 3 pomwepo. Inu a manja ofewa yambirani pansi muzikwera pang'onopang'ono. Ndimagwiritsa chala chapakati ndi chija cha mphete, mbali iyi lero mbali inayo mawa, dzanja ili kenako linalo, chala chachikulu ndi cholozera sindizikhudza chifukwa ndi zomwe zimandidyetsa. Ndipo osafinya chala ngati mukukama ng'ombe, mumangosisita kuchokera kutsinde kupita kunsonga, mukafinya kwambiri magazi amasakanikirana ndi timadzi ta m'thupi nambala nkusokonekera.

Nambala ya tsiku limenelo inali 14.2 ndipo ndinali ndisanadye kanthu. Apa mpomwe ndinazindikira kuti miyezi yonse ija sindinkathawa singano ayi, ndinkathawa nambala imeneyi. Ukapanda kuyeza umatha kudzinamiza kuti mapiritsi akugwira ntchito, tiyi wa masipuni 3 a shuga ndi mandasi awiri m'mawa palibe vuto, thobwa la pa ukwati ndi kamodzi kokha. Kamakina sikadziwa zonyengerera munthu. Misozi inalengeza, mayi aja anangoti nambala si chigamulo cha kukhoti, ndi uthenga chabe, mawa yezaninso mukawaonetse akuchipatala. Anandilembera pa kapepala kuti kwa anthu ambiri a shuga, m'mawa usanadye pamafunika pakati pa 4.4 ndi 7.2, pakatha maola 2 utadya isafike 10, ikatsika pansi pa 3.9 ndiye kuti shuga watsikitsa. Koma anatsindika kuti malire anga enieni andiuze a dokotala anga chifukwa anthu timasiyana, okalamba ndi oyembekezera amawapatsa ena.

Pa manambala pomwepa pali msampha. Makinawa alipo amitundu iwiri, ena amawerenga mu mmol/L ngati kanga, ena mu mg/dL. Achemwali anga aku Bangwe nawonso ali ndi shuga, tsiku lina akundiuza pa foni kuti lero ndapeza 140, ine kukuwa kuti achemwali thamangirani kuchipatala mufa! Chonsecho awo ndi a mg/dL, umagawa ndi 18, ndiye 140 yawoyo ndi 7.8 kwa ine, anali bwino kundiposa. Pogula yang'anani pabokosi, ndipo mukamauza nesi nambala muzinena kuti ndi ya mtundu uti.

Chimene ndakakondera kwenikweni kamakinaka nchoti kandiphunzitsa mbale yanga yomwe. Za mgaiwa ndinkazimva kalekale koma ndinkati ndi zokamba za pa wailesi, nsima ya woyera ndi imene ndinakulira. Ndinayesa ndekha, tsiku lina mitanda 3 ya woyera ndi usipa, patatha maola 2 ndinapeza 13 ndi kanthu. Tsiku lina mtanda umodzi ndi theka wa mgaiwa, nkhwani wotendera wambiri ndi nyemba, kenako nkuyenda wapansi kuchoka kushopu kukafika kunyumba m'malo mokwera kabaza, 8.6. Palibe amene anandilalikira, ndinaona ndi maso angawa. Mgaiwanso ukaunjika mitanda 4 nambala imakwera ndithu, musanamizidwe kuti ndi mankhwala. Zonsezi ndimalemba kumasamba akumbuyo a kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala, kutsogolo chiuno 38 mapewa 16, kumbuyo Lachiwiri m'mawa 6.9, ndipo tsiku la kiliniki ndimanyamula kope lomwelo. Kuyeza kwa kunyumbaku sikulowa m'malo mwa HbA1c ija amatenga kuchipatala yoonetsa m'mene shuga wayendera pa miyezi pafupifupi 3, koma a dokotala akaona kope lija nkhani imafupika, amadziwa pokonza.

Nthawi ya mango kanandiopseza kamodzi koma wolakwa ndinali ine. Ndinasendera adzukulu mango, ndinangopukuta manja pachitenje nkudzibaya, 19! Miyendo inazizira. Ndinakumbukira mawu a mayi aja, ndinakasamba ndi sopo, kupukuta, sitiripi ina, 9.1. Madzi a mango otsalira pachala aja ndi amene kanawerenga. Sitiripi imodzi inapita pachabe chifukwa cha ulesi wosamba m'manja.

Tsiku lomwe ndinati ndalama ya mwana wanga sinapite m'madzi linali Lachisanu lina, madiresi 6 a operekeza akwati ofunika Loweruka m'mawa. Ndinamwa mapiritsi m'mawa, nkhomaliro ndinati ndidya ndikamaliza mpendero uwu, kenako uwu, mpaka 3 koloko. Manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mutu waziii, mtima kuthamanga. Kale ndikanati shuga wakwera, mwinanso nkumwa piritsi lina, Mulungu dalitsani sindinatero. Ndinayeza, 3.4. Glibenclamide amatero ukadumpha chakudya, amapitiliza kutsitsa shuga kaya wadya kaya sunadye. Mnyamata wa pa grosale yoyandikana nafe anandisungunulira masipuni 3 a shuga m'madzi, ndinadikira mphindi 15, kuyezanso 5.2, kenako ndinadya nsima yanga bwinobwino. Kuyambira pamenepo m'kachikwama kakuda kaja mumakhala maswiti atatu, ndipo adzukulu akudziwa kuti amenewo sakhudzidwa.

Tsopano zowawa. Kamakinako umagula kamodzi, chimene chimadya ndalama ndi masitiripi. Sitiripi imodzi kuyeza kamodzi basi, sungaitsuke, sungaidule pakati, ndipo poti zonsezi zimachokera kunja, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa zinthu ngati izi sukhala malo amodzi, kabotolo ka 50 ukakagula mwezi uno ukabwerenso upeza zina. Mwezi wina ndinazungulira mafamase atatu, m'tauni, ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe ndisanapeze. Pena pake, sinditchula dzina, anafuna kundigulitsa kabotolo kotsala milungu 3 kuti kathe ntchito, pa mtengo wonse osachotsako ngakhale tambala, mwayi ndinatembenuza bokosi nkuona deti. Dziwaninso kuti masitiripi a Active amalowa mu Active mokha, a Instant kapena Performa ngakhale dzina lakutsogolo ndi limodzi salowa, ndiye musanagule makina alionse, kaya akutumizirani achibale ku Joni, yambani mwafunsa ngati masitiripi ake amapezeka kuno. Achemwali anga ali ndi ena okongola amene angokhala chidole pa kabati chifukwa cha chomwechi.

Ine sindili pa jakisoni wa insulin ndiye tinagwirizana ndi akuchipatala kuti sindikuyenera kuyeza kangapo tsiku lililonse, ndimayeza masiku angapo pa sabata, lero m'mawa ndisanadye, tsiku lina nditadya, komanso nthawi iliyonse thupi likandidabwitsa. A insulin nkhani yawo ndi ina, amafunika pafupipafupi. Kabotolo katsekeni msangamsanga mukatulutsa sitiripi, ndipo osakasiya pawindo kapena pafupi ndi mbaula, kutentha kwa Okutobala ndi chinyontho cha dzinja zimaononga. Singano muzisintha, ndinayesa kuumira nkugwiritsa imodzi sabata yonse, imabuntha ndipo pamenepo ndiye imapwetekadi, chala chinachita kadontho kakuda. Zakutha ndimaziponya m'botolo la pulasitiki lolimba lotsekera, likadzaza ndimapita nalo kuchipatala, osati kudzala komwe ana amatola zinthu.

Vuto lina ndi la kwathu kuno, anthu akangodziwa kuti uli ndi makina wasanduka chipatala. Anzanga a pamsika, amayi a kumpingo, aliyense mundiyezeko, mundiyezeko. Poyamba ndinkachita manyazi kukana. Pano ndimanena mosabisa kuti kacholembera kobayira ndi ka munthu mmodzi, ngakhale usinthe singano kumutu kwake kumatha kutsalira magazi osaoneka ndi maso, matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsira momwemo. Ndimawauza apite kuchipatala akayezedwe bwinobwino, ena amanyanyala kuti ndine womana, kaya.

Pa 10 ndikapatsa 8. Ziwirizo ndachotsa chifukwa cha thumba langa pa masitiripi, kamakinako pakokha sikanandikhumudwitsepo, kanagwa kamodzi kuchoka pa tebulo losokera kufika pa simenti koma kakugwirabe. Mwana wanga ndinamuululira za miyezi 3 ija, anangoti amayi ndinkadziwa, mukamati zili bwino osatchula nambala ndinkadziwa. Pano akaimba safunsanso kuti mwayeza, amangoti ingati lero. M'mawa uno inali 6.4, m'kabotolo mwatsala masitiripi 11, ndamuuza kale ayambe kufunsa mitengo ku Limbe.