Kalavani yathu ija patatha miyezi 14, ndi zomwe yationetsa panjira

Abale, ena mukukumbuka kuti mu May chaka chatha ndinalemba za kalavani yomwe tinagula, ndinayiyamikira heve tsiku limenelo, ndinati tapeza nyumba yoyenda, za mahotela tasiyana nazo. Koma nthawi ija ndinali ndisanagonemo ngakhale usiku umodzi. Pano yatha miyezi 14 ili m'manja mwathu, tayenda nayo maulendo asanu, ndipo anthu angapo kutchalitchi ndi pa WhatsApp akhala akundifunsa kuti kodi ifenso tigule, nde yankho lake ndi lalitali pang'ono, mundipirire.

Kwa amene simunaone poyamba paja, kalavani ndi kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, mkati muli mabedi, sitovu ya gasi, filiji, kasinki ndi toileti. Yathu ndi yakale, ya matayala awiri, yogona anthu anayi, tinagula kwa munthu pa £4,200. Timakhala kufupi ndi Manchester, ine, mayi akunyumba ndi ana awiri. Za laisensi sizinavute chifukwa kuyambira December 2021 kuno munthu wa laisensi wamba ya galimoto amaloledwa kukoka ngolo yolemera mpaka makilo 3,500 osalembanso mayeso ena. Vuto ndi loti palibe amene amakuima kumbuyo kuti akuphunzitse, umangolumikiza basi n'kulowa mumsewu ndi ana ako.

Ulendo waukulu unali wa mu August, wopita ku Scotland. Ndinkafuna ana akaone Blantyre weniweni, kumene anabadwira David Livingstone mu 1813, kenako tikwere mpaka ku Fort William. Tisanapite patali, titangodutsa Preston pa M6, motorway (msewu waukulu) yopita kumpoto, loli yaikulu inatipitirira ndipo kalavani inayamba kupukusa mchira uku ndi uku, galimoto yonse n'kumatsatira, kuno amati snaking. Mayi akunyumba anangogwira mpando n'kuyamba kupemphera. Chomwe chinatithandiza ndi choti ndinali nditawerengapo kuti zikatere usaponde buleki mwamphamvu, usalimbanenso ndi chiwongolero, ungochigwira molunjika n'kumachotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono mpaka ikhazikike yokha. Inakhazikikadi. Titaima ndinaona kuti olakwa tinali ife, tinali titaunjika tenti ya pambali ija, thumba la ufa la makilo 10 ndi njinga za ana kumbuyo kwenikweni kwa kalavani. Katundu wolemera amayenera kukhala pansi, pamwamba pa matayala, osati kumchira. Pano ndisananyamuke ndimayeza kulemera kwa kutsogolo kwake ndi sikelo ya kubafa ndi kamtengo, tow bar yathu, chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chokolekapo kalavani, imalola makilo 75 nde ndimayesetsa kuti ndikhale pafupi ndi pamenepo osapitirira. Liwironso ndimalisamala, ukamakoka ndi mamailosi 60 pa motorway, 50 m'misewu wamba, ndipo pa motorway ya mizere itatu mzere wa kumanja kwenikweni sukhala wako.

Tsiku lomwelo, tikukwera chitunda cha Shap kukugwa mvula, tinangomva phuu! Tayala la kalavani la kumanzere laphulika. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa matayala amenewa pogula ndinawayang'ana ndithu, mapanda ake anali akuya ngati atsopano, ndinasangalala kuti apa ndapulumutsa ndalama. Sindinadziwe kuti tayala la kalavani silitha ndi kuyenda, limatha ndi kukhala. Limaima malo amodzi miyezi ndi miyezi, dzuwa ndi chisanu zikulimenya, labala amauma n'kung'aluka m'mbali mapanda akadali bwinobwino. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, athu analembedwa 2314, kutanthauza sabata ya 23 mu 2014, ndekuti tinkayendera matayala a zaka khumi. Odziwa amati a kalavani uzisintha akakwana zaka zisanu ndipo asapitirire zisanu ndi ziwiri ngakhale akuoneka bwanji. Zidutswa za labala zija zinamenya pansi pa kalavani n'kuboola thabwa pafupi ndi kabati ya mapoto, mpaka lero pali chigamba.

Tinatulukira chitseko cha kumanzere tonse, tinakaima kuseri kwa chitsulo cha m'mphepete mwa msewu, ana atafunda majekete, malole akudutsa ngati mphepo. Sipeya inalipo koma chitsulo chomwe imakhalamo pansi pa kalavani chinali chitagwira dzimbiri, kukoka osatheka, komanso jeke wa galimoto sankalowa bwino pamalo pake. Timiyendo tinayi ta m'makona tija musamayese kunyamulira kalavani, ntchito yake ndi kungoikhazika kuti isagwedezeke, mukanyamulira mupinda pansi pake. Nditaimbira a kampani yomwe timalipira kuti izitithandiza galimoto ikafa panjira, anandiuza mwaulemu ndithu kuti pulani yathu imanyamula kalavani pokhapokha ngati imene yafa ndi galimotoyo, koma ikakhala kuti vuto lili pa kalavaniyo payokha ndiye si za iwo. Zinalembedwadi mu mapepala, ine ndi amene sindinawerenge. Tinalipira munthu wina wa matayala £180 kuti abwere, tinadikira maola atatu. Chonde amene muli ndi kalavani kapena ngolo iliyonse, imbani foni lero mufunse funso limeneli momveka, komanso mufunse kutalika kwa kalavani komwe amalola chifukwa ena ali ndi malire.

Ku Blantyre tinafikabe mawa lake, ana anaona nyumba ya chipinda chimodzi yomwe banja lonse la Livingstone linkakhalamo, wamng'ono anafunsa kuti adadi nanga Ndirande ili kuti. Tinamufotokozera.

Koma chachikulu chomwe ndaphunzira pa miyezi yonseyi ndi choti amene amavutika kwambiri si kalavani ayi, ndi galimoto. Yathu ndi ya dizilo, ya manyuwo, yolemera makilo pafupifupi 1,500 ili yopanda kanthu, pomwe kalavani ikadzaza imafika 1,350. Kwa ongoyamba kumene amalangiza kuti kalavani isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto, kwa ife ikanakhala 1,275, nde ife tinali pa 90. Si lamulo, apolisi sangakugwire nazo bola usapose malire omwe anaika opanga galimoto, koma kilatchi imadziwa. Pa kampu ya makalavani ya kufupi ndi nyanja ya Loch Lomond anatipatsa malo okwera pang'ono, udzu wonyowa, ndinabwerera chambuyo kanayi kapena kasanu phazi lili theka pa kilatchi, fungo loyipa la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto, ndinati izizira. Mawa lake pa A82, msewu wopapatiza wokhotakhota m'mbali mwa nyanja kenako umakwera kupita ku Rannoch Moor, ndinayamba kuona kuti injini ikulira kwambiri koma liwiro silikuwonjezeka. Tinatsetsereka Glencoe ndi mtima m'mwamba, ndipo patatsala mamailosi ochepa kuti tifike ku Fort William galimoto inakaniratu kukoka.

Ulendo uno poti inafa ndi galimoto, a kampani aja anabwera, ananyamula galimoto kupita nayo ku galaja, kalavani anakatisiyira pa kampu. Makaniko anati kilatchi yatha, fulaiwilo yakenso, chitsulo chozungulira chomwe kilatchi imagwirapo, yapsa, zipangizo ziyitanitsidwe, tidikire masiku atatu. Zonse pamodzi £1,150. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangowerengera ndalama ndi masiku a tchuthi omwe atsala, mayi akunyumba anali ndi shifiti Lolemba.

Apa ndi pomwe ndinaiona ntchito ya kalavani, ndipo n'chifukwa chake sindikuinyoza ngakhale yatidyera ndalama. Tikanakhala kuti tinali pa galimoto yokha, mu August, ku Fort William komwe alendo amadzaza, tikanasaka zipinda za anthu anayi masiku atatu pa mtengo woopsa, kudya kogula m'mawa masana ndi madzulo. Koma ife tinali ndi mabedi athu, mapoto athu, ufa uja womwe unatsala pang'ono kutigwetsa pa M6 ndi womwe unatisunga, mayi akunyumba anaphika nsima ndi nyemba za m'chitini ndi kabichi, tinadya chitseko chili chotsegula tikuyang'ana phiri la Ben Nevis mitambo ikachokapo. Madzulo tizilombo ting'onoting'ono toluma tija amati ma midges tinkatithamangitsira mkati, timaposa udzudzu kukwiyitsa, nde tinkatseka maneti n'kumasewera makadi. Pafupi nafe panali agogo awiri a ku Scotland konko, atamva kuti ndife a ku Malawi nkhope zawo zinawala, anati mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina kumpoto kwathu. Agogo aamunawo anatenga mayi akunyumba ndi ana pa galimoto yawo kukagula zakudya, ndipo ine anandikhazika pansi n'kundionetsa kuti malo akakhala ovuta usamazunze galimoto, masula kalavani, itana anthu awiri atatu mukankhe ndi manja. Yawo inali ndi timamota ta pa matayala toyendetsa ndi rimoti, amati motor mover, tinagula tathu mu March, takale, £350 ndi kumangitsa komwe. Pa zonse zomwe ndawonjezera pa kalavaniyi, chimenechi ndi chomwe sindidandaula nacho olo pang'ono.

Zina ndi zazing'ono koma zimasowetsa mtendere. Mu October tinapita ku Wales ana ali pa holide, m'mawa wina kunazizira kwambiri, sitovu osayaka, ndinkaganiza kuti gasi watha koma silinda inali yolemera. Unali gasi wa butane, wa silinda ya buluu, amene kukazizira kufika cha ku ziro amangokhala madzi m'silindamo osatuluka. Wa propane, wa silinda yofiira, amagwira ntchito ngakhale kuzizire kwambiri, nde tinasintha. Magetsi a pa kampu nawonso ndi ochepa, malo ambiri ndi ma amp 16 kwina 10, ukayatsa ketulo ya kunyumba pamodzi ndi hita basi athima, uzipita panja ndi tochi kukadzutsa switchi mvula ili pamsana. Tinagula kaketulo kakang'ono, nkhani inatha.

Cholakwa china chinali changa. Itafika nyengo yozizira ndinaisiya kosungira osakhetsa madzi onse m'mapaipi, madzi anaundana n'kuswa mpopi wa pa sinki ndi kapaipi ka ku chotenthetsera madzi. Umayenera kutsegula valavu yokhetsera, kusiya mipopi yonse yotsegula, ndipo batire ulichotse uzikalitchajira kunyumba, langa ndinalipeza litafa. Ndipo pa sevisi ya mu April makaniko anabaya kamakina kake koyezera chinyezi pakona ya zenera la kutsogolo, kanawerenga 28, pomwe kakapitirira 20 amati pamenepo madzi akulowa. Anamata bwinobwino, tikuyang'anira. Mukamagula yakale, musadalire mphuno yokha kapena mawu a wogulitsa, pitani ndi kamakina kameneka, n'kotchipa, mubaye m'makona onse, pansi pa mazenera ndi m'kati mwa makabati, komanso muonetsetse kuti nambala ya CRiS (kaundula wa makalavani kuno) yolembedwa pa mazenera ikugwirizana ndi ya pa mapepala chifukwa makalavani amabedwa.

Nde tigule kapena ayi? Ine ndinganene kuti ngati muli ndi ana, mumapeza masiku opuma angapo pachaka, ndipo galimoto yanu ndi yolemera mokwanira, gulani, koma pa ndalama yomwe mwakonza musiyeko £1,500 pambali osayikhudza. Kwa ife kosungira kokha ndi £40 pamwezi poti pakhomo pathu palibe malo, kuwonjezera inshuwalansi, sevisi ya pachaka, ndi dizilo yemwe ukamakoka amatha msanga zedi. Ngati mungamayende nayo kamodzi kokha pachaka, kapena galimoto yomweyo ndi imene mumadalira popita ku shifiti m'mawa uliwonse ndipo ikafa ntchito yaima, ndiye ayi, bwerekani kaye kalavani yokhazikika pa kampu sabata imodzi muone ngati moyo wake mukuukonda. Mawu anga aja oti za mahotela tasiyana nazo ndipo tizisunga ndalama, chaka choyambachi sanakwaniritsidwe, tawononga zambiri kuposa mmene tikanalipira mahotela. Koma ana anga aona nyanja ndi mapiri a dziko lino lomwe kwa zaka zambiri tinkangolidziwa kuchokera pa zenera la basi ya kuntchito, ndipo mayi akunyumba omwe anali oyamba kunena kuti tiigulitse titaima pa Shap paja, ndi omwe pano asoka makatani atsopano.

Matayala onse atatu ndi atsopano, sipeya ndimaitulutsa n'kupaka girisi chitsulo chake mwezi uliwonse, jeke woyenera ndinagula, pulani ya a breakdown ndinasintha kuti izikhudza kalavani payokha. Galimoto tikuigulitsa, tikufuna ya otomatiki yolemerapo. Ikapezeka August uno tibwerera ku Fort William, chifukwa msewu wa A830 wopita ku Mallaig womwe tinalonjeza ana sitinauyende, masiku ake anathera ku galaja.