Saxton, Speed kapena Ordnance Survey: mugule mapu ati?

Mukayamba kutolera mapu akale a maboma a ku England, mayina atatu awa simuwalephera kukumana nawo. Koma sagwira ntchito imodzi, ndipo ambiri amataya ndalama chifukwa chosadziwa zimenezi.

Christopher Saxton ndiye anayamba. Anazungulira England ndi Wales ndi thandizo la Thomas Seckford, mkulu wina wogwira ntchito kwa mfumukazi, buku la mapu ake n'kutuluka mu 1579. Mu 1576 akuluakulu a ku Wales analamulidwa kuti azimuperekeza pamwamba pa nsanja ndi mapiri kuti aone dera lonse, komanso kumupatsa munthu wa pa hatchi wodziwa zinenero zonse ziwiri, Chingerezi ndi cha ku Wales. Mitsinje, midzi ndi nkhalango zilipo, mapiri ali ngati zulu za chiswe, koma msewu mulibe ngakhale umodzi. Enieni a nthawiyo ndi osowa ndipo mtengo wake ndi wa anthu a matumba akuya. Ambirife tizingowaonera ku laibulale.

John Speed anali telala asanayambe za mapu. Maboma sanawayese yekha, anatengera kwa Saxton ndi John Norden, wojambula mapu wina, kenaka n'kukongoletsa. Zitsulo zodindira anazizokota Jodocus Hondius ku Amsterdam, mapuwo n'kutuluka cha mu 1611. Chimene chimandikoka ine ndi timapu ta matauni tomwe anaika m'makona. Ena mwa matauniwa anawayenda yekha akuwerenga mapazi, ndiye mumaona misika, zipata ndi matchalitchi monga zinalili. Poti zitsulo zomwezo zinadindabe kwa zaka zoposa 150, a Speed ndi ambiri pamsika, ndipo apa mpofunika maso kuti musiyanitse enieni ndi ongokopera. Yang'anani mpindo wapakati pa pepala, chidindo cha m'mphepete mwa chitsulo, ndi timizere ta m'pepala mukaliunika pa dzuwa. Utoto usakunyengeni: ambiri anagulitsidwa oyera, anawapaka pambuyo pake.

Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu a dziko la Britain, ndi nkhani ina. Mu 1784 William Roy anayesa mzere wa mamailosi pafupifupi 5 pa Hounslow Heath, pafupi ndi London, ndipo kuchokera pa mzerewo anthu anayamba kulumikiza nsonga za mapiri ndi makona atatuatatu, pogwiritsa ntchito theodolite (chipangizo choyezera makona) yaikulu ya Jesse Ramsden. Mapu a boma la Kent a mu 1801 anali a inchi imodzi pa mailosi imodzi. Pakhoma sakopa, ndi akuda bii ndi timizere ta mapiri, koma msewu, famu ndi mlatho zili pamalo pake. Mtengo wakenso umafikirika.

Kwa amene mumakonda za kayesedwe ka malo: tcheni cha Edmund Gunter cha mu 1620 chinali cha mafiti 66, mfundo 100. Malo a matcheni 10 m'litali ndi tcheni chimodzi m'lifupi ndiye ekala, yomweyi timatchula kumudzi ponena za munda wa chimanga.

Ngati mukufuna kupeza mudzi kapena njira yakale, tengani Ordnance Survey, osataya nthawi. Ngati ndi chokongoletsa pabalaza, Speed, makamaka wa boma limene mukukhala. Ine wanga ndi wa Yorkshire, wodindidwa mochedwa, pakona pali kamapu ka tauni ya Hull, ndipo alendo amathera nthawi pomwepo tiyi n'kuzizira.