Madola 22 pa buku la agogo awiri a ku Spain

Bukuli ndinalimaliza ndili m'kombi (minibasi), tisanafike n'komwe ku Mufakose kuno ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, ndipo mumtima ndinkangowerengera madola 22 anga. Mnyamata wa m'kashopu ka mabuku kaja mtauni anakana kuchotsera ngakhale dola imodzi, chikhalirecho chikuto chinali chopindika pakona. Koma lero bukuli latha miyezi iwiri lili patebulo, ndipo amene amalitsegula kwambiri ndi agogo anga, omwe Chingerezi sawerenga.

Dzina lake m'Chisipanishi ndi Estamos todas bien, kutanthauza kuti "tonse tili bwino", ndipo m'chinenero chawocho "tonse" ameneyu ndi wa akazi okhaokha. Langali ndi lomasuliridwa m'Chingerezi. Analemba ndi kujambula ndi Ana Penyas wa ku Valencia. Linatuluka mu 2017, ndipo chaka chotsatira iye anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya boma la Spain ya mabuku a nkhani za m'zithunzi. Musaganize za makatuni oseketsa ana aja. Umu muli agogo ake awiri enieni, Maruja ndi Herminia, atakalamba, akukumbukira mmene anakhalira pabanja.

Amene mukufuna nkhani ya mnyamata ndi mtsikana kugwirana manja, sungani ndalama zanu. Chikondi cha m'bukuli ndi chija chotsalira ukwati ukatha kuvinidwa: kuphika, kuchapa, kulera ana, kusamala mwamuna, kenako kukhala wekha ndi wailesi yakanema kudikira kuti mwana aimbe foni. Amayiwa anakula Francisco Franco akulamulira Spain, kuyambira 1939 mpaka 1975. Nthawi imeneyo mkazi wapabanja sankaloledwa kulowa ntchito kapena kutsegula akaunti kubanki popanda chilolezo cha mwamuna wake, ndipo lamulo limeneli linachoka mu 1975. Kuthetsa banja kunadzaloledwa mu 1981. Mdzukuluyu sakalipa nazo zimenezi. Amangokuonetsani nkhope za agogo ake zamakwinya, manja otopa, ndi nyumba yachete.

Chimene chinandigwira mtima ndi dzinalo. Kwathu kuno mayi ukamufunsa kuti "Muli bwanji?" amayankha kuti "Tili bwino, kaya inu," ngakhale atagona ndi misozi. Pachilangizo anamuuza kale kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sitiulula kubwalo. Ine ndinkayesa kuti zimenezi n'zathu zokha, zochokera ku Dedza n'kudzafika nazo kuno. Kani ndi azungu omwe!

Zodandaula zilipo. Mawu ndi ochepa kwambiri, mwina tsamba lonse lopanda liwu. Nkhani imalumpha kuchoka lero kupita kale osakuchenjeza, moti kawiri konse ndinasokoneza agogo awiriwo n'kubwerera m'mbuyo. Amuna awo sindinawadziwe bwino, ngakhale ndikuona kuti wolembayo anachita dala. Amene anawerengapo Mafalda wa Quino wa ku Argentina, kamtsikana kaja kodabwa amayi ake atasiya sukulu n'kumangokolopa, adzaona ngati akumana ndi amayi omwewo atakalamba, koma kuno nthabwala zachepa.

Tsiku lina magetsi atazima masana, ndinapeza agogo atakhala pakhonde, magalasi pamphuno, bukulo lili pamiyendo. Iwo anabwera kuno ali mtsikana, kutsatira agogo aamuna omwe ankaphikira mzungu ku Avondale, mzinda uno wa Harare ukadatchedwa Salisbury. Anaima nthawi yaitali pa tsamba lina, chala chili pa mayi wokalamba atakhala yekha.

"Iwe mdzukulu, ameneyu mwamuna wake anamwalira?"

"Mwadziwa bwanji, agogo?"

"Kakhalidwe kakeko. Akupuma, koma sakudziwa kupuma kwake."

Ndinawafunsa ngati iwo ankawakonda agogo aamuna. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kukonda? Ndinkawasitira malaya ndi simbi yamakala zaka 41, osawotcha ngakhale kolala imodzi. Lembani zimenezo m'buku lanu." Kenako ananyowetsa chala ndi malovu, n'kutsegula tsamba lina, ndipo anandituma kuti ndikateleke madzi a nsima chifukwa amalume anali pafupi kuweruka.