Kickstarter kwa ife a timakampani ta magemu a patebulo: kashiya wabwino, koma makasitomala mubwere nawo nokha

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti kodi Kickstarter imathandizadi munthu amene ali ndi kakampani kakang'ono kotulutsa magemu a patebulo, awa a makhadi, madayisi ndi bolodi, nde ndati bola ndingolemba kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Ife tilipo awiri, ine ndimapanga malamulo a gemu komanso kuwerengera ndalama, mnzanga ndi wojambula. Ofesi yathu ndi tebulo lomwelo timayeserapo magemu kkk. Tapangapo makampeni awiri, ndipo nyenyezi ndikuipatsa 4 pa 5.

Kwa amene simukuidziwa, ndi webusayiti ya ku New York, idayamba mu 2009. Umaikapo pulojekiti yako, umanena ndalama zimene ukufuna ndi masiku a kampeni (sangapitirire 60, ambirife timaika 30 kapena ochepera), anthu nkumalonjeza ndalama kuti gemu ikapangidwa udzawatumizire. Ndalama zikapanda kukwana pa zimene udanena, palibe amene amadulidwa kanthu ndipo iwe sulandira olo khobidi. Poyamba lamulo limeneli linkandinyansa, ndinkati bwanji osangondipatsa zomwe zapezekazo ndikaone chochita. Pano ndi lomwe ndimaikondera kwambiri. Mafakitale a magemu ambiri ali ku China, ena ku Germany ndi Poland, ndipo sakupangira mabokosi 200 ayi, amafuna uode 1,000 kapena 1,500 kupita m'mwamba chifukwa mapuleti osindikizira ndi zitsulo zodulira makatoni mtengo wake ndi womwewo kaya upanga ochepa kaya ambiri. Nde tangoganizani mwalandira theka la ndalama, anthu akudikira gemu, fakitale ikuti sitiyatsa mashini. Kulephera poyera tsiku lomaliza la kampeni kumapweteka koma ngongole ulibe, umakakonza nkudzabweranso.

Zodula zawo sizobisika, apa ndiwayamikire. Kampeni ikatheka amatenga 5 peresenti, kenako a Stripe amene amayendetsa za makhadi a kubanki amatenganso pakati pa 3 ndi 5 peresenti. Mwachidule pa madola 100 aliwonse yembekezani kuti pafupifupi 10 apita. Ena amadandaula, ine ayi. Yesani kutolera nokha ndalama kwa anthu a m'maiko 30 muone.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi, Kickstarter SIKUBWERETSERANI anthu. Tonse tidamva za gemu ya Exploding Kittens imene mu 2015 inkangofuna madola 10,000 nkupeza opitirira 8.7 miliyoni kwa anthu oposa 219,000, kapena gemu ya Frosthaven imene mu 2020 idatsala pang'ono kufika 13 miliyoni, nde mutu umatentha kuti nanenso ndikangoika anthu akhamukira. Chimene timaiwala nchoti mmodzi wa eni Exploding Kittens ndi Matthew Inman, wojambula makatuni wa The Oatmeal amene anali kale ndi khamu la omutsatira, ndipo Frosthaven inkatsatira Gloomhaven imene nthawi imeneyo inali nambala 1 pa BoardGameGeek, webusayiti imene anthu amavoterapo magemu a patebulo. Anthuwo adabwera ndi gulu lawo. Ife kampeni yoyamba tidangodina batani tili ndi maimelo ochepa a achibale ndi anzathu, tsiku loyamba zidayendako, lachiwiri pang'ono, kenako ziii. Sabata ziwiri zapakati nambala imangoima pamodzimodzi, iwe kumangopanga refresh pakati pa usiku ngati wadwala. Imadzadzukanso maola 48 omaliza, pamene a Kickstarter amatumiza imelo yokumbutsa anthu amene adasunga pulojekiti yako, ndipo ka imelo kameneko kamagwiradi ntchito, ife ndi kamene kadatiolotsa.

Ulendo wachiwiri tidachenjera. Pali peji imene umatsegula kampeni isanayambe kuti anthu adine zoti adzauzidwe ikayamba, tidaisiya miyezi ingapo, tidasindikiza maprototype ochepa ku The Game Crafter (iwo amapanga olo bokosi limodzi, kungoti limodzilo limadula) nkutumiza kwa anthu opanga mavidiyo a magemu, tidaikanso gemu pa Tabletop Simulator, pulogalamu yoseweramo magemu a patebulo pa kompyuta, kuti aliyense ayese. Ntchito yonseyo ndi yako, Kickstarter imangokupatsa peji ndi batani. Koma kusiyana kwake kudali usiku ndi usana, tidakwanitsa tsiku lachiwiri, ndipo pulojekiti ikayamba mwamphamvu ndi pomwe nawonso amayamba kuionetsa kwa alendo.

Tsopano nambala yobiriwira ya pa sikirini, yoonetsa ndalama zimene anthu alonjeza. Chikomekome cha mkuyu anzanga, mkati muli nyerere. Choyamba kampeni ikatha makhadi ena a kubanki amakana, eni ake amapatsidwa masiku 7 kuti akonze ndipo ena sabweranso, ndalama zimalowa kwa iwe patapita masiku pafupifupi 14. Chachiwiri, ndipo apa mpamene timakampani tambiri timafera, ndi shipping. Umalonjeza mtengo lero koma katundu adzakwera sitima chaka chamawa. Amene adapanga kampeni mu 2020 nkudzatumiza mu 2021 akudziwa, mtengo wa kontena udakwera kangapo konse, mu March 2021 sitima ya Ever Given nkutsekanso ngalande ya Suez, mu July a European Union nkuchotsa mwayi woti timaphukusi totchipa tizilowa opanda VAT. Mu 2025 America idakweza msonkho wa katundu wa ku China mpaka kufika 145 peresenti kwa kanthawi, anthu ali ndi magemu ali kale pa doko. Zonsezi si mlandu wa Kickstarter, koma ndalama udatolera kale ndipo ma backer, anthu adalonjeza ndalama aja, akufuna bokosi lawo basi.

Ife chathu chidali chaching'ono koma chidatiliza. Kampani ina yonyamula katundu, dzina ndisunge, idasiya mapaleti athu pa chinyezi, makatoni apansi onse mabokosi adafufuma makona. Kuwalembera maimelo kumangoti tikufufuza, mpaka lero akufufuzabe. Mwayi tidaoda mabokosi owonjezera.

Pena tidadzipweteka tokha. Ndalama zitayamba kulowa tidatengeka ndi ma stretch goal, zowonjezera zimene umalonjeza ndalama zikapitirira zimene udanena, tikafika apa makhadi akhala a pepala lapamwamba la linen, tikafika apa ndalama za mu gemu zikhala zachitsulo, anthu kuombera m'manja mu makomenti ife kumangowonjezera. Walira mvula walira matope. Ndalama zachitsulo zija zidalemeretsa bokosi mpaka lidadumpha malire a kulemera ku positi, phukusi lililonse kukwera mtengo, kuchulukitsa ndi anthu onse aja phindu lidatsala lochepa zomvetsa chisoni. Ndipo fakitale idatseka sabata zingapo pa Chaka Chatsopano cha ku China, chinthu chimene aliyense mu geni imeneyi amachidziwa kupatula ife nthawi imeneyo.

Langizo limene ndidalinyoza koma ndi loona: mtengo wa gemu mu shopu ukhale kasanu ka ndalama zimene bokosi limodzi lakudyera kupanga ndi kufikitsa ku weyahausi. Zimaoneka ngati umbava mpaka utakumana ndi ma distributor, iwo amapikula pa 40 peresenti ya mtengo wa pa bokosi, a mashopu pa theka. Pa Kickstarter umagulitsa mwachindunji nde umadzinamiza kuti mtengo wotsika uli bho, kenako mabokosi otsala ukufuna alowe m'mashopu masamu akukana.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zapambuyo pa kampeni. Kwa zaka zambiri kutolera ma adiresi, kulipiritsa shipping ndi msonkho, kugulitsa zowonjezera, zonsezi umayenera kupita ku mawebusayiti ena ngati BackerKit kapena Gamefound, kulipiranso peresenti ina. Ma late pledge, oti munthu azithabe kulipira kampeni itatha, a Kickstarter adangowaika mu 2024, pomwe anzawo adali nawo kalekale. Gamefound, ya ku Poland, idapangidwa ndi anthu a magemu a patebulo enieni a Awaken Realms ndipo zimaoneka, peji yake imamvetsa zoti gemu ili ndi ma add-on ndi mitundu ingapo. Komabe kwa kakampani kosadziwika ine ndimaonabe kuti dzina la Kickstarter limapangitsa mlendo kulimba mtima kulowetsa khadi yake. Dziwaninso kuti otsegula pulojekiti amaloledwa a m'maiko ena okha, onani mndandanda wawo musanajambulitse vidiyo.

Jamey Stegmaier wa Stonemaier Games adasiya Kickstarter itatha kampeni ya gemu yawo ya Scythe ya 2015, gemu ya Wingspan adaitulutsa mu 2019 ndi mpamba wawo. Ife sitinafike pamenepo. Gemu yachitatu tiikanso pomwepo, shipping tidzalipiritsa katundu atatsala pang'ono kunyamuka, ndipo mnzanga akangotchulanso za ndalama zachitsulo ndimulanda pasiwedi.